Lachinayi Usiku ku Chinamwali

Magetsi abwera cha m'ma leveni.
A Likoswe adzuka pa benchi,
apukuta magalasi ndi nsonga ya shati,
ayatsa makina aja otsokomola
amene anagula ofesi ina itatsekedwa.

Ine yanga ndi kupinda.
Masamba anayi, kupinda pakati, kukanikiza ndi chikhadabo.
Kale tinkapinda mazana asanu mpaka tambala woyamba.
Lero makumi asanu ndi atatu,
tiyi asanazizire tamaliza.

M'mawa mtolo uli pa kaliyala,
nditsika kudutsa Matawale mpaka ku depoti.
Anyamata a kabaza mitu ili pansi,
zala zikukanda galasi ngati nkhuku padzala.
"Akulu, zimenezo tinazimva dzulo pa foni."
Eya, munamva.
Munamva zigoli za kutsidya kwa nyanja,
munaona mlendo akugwa pa siteji.
Nanga za mpope wa ku Chikanda wouma masabata atatu?
Ndani anakaima pa kamlatho ka Likangala
kuwerenga matabwa otsala?
Ndi a Likoswe, ndi nsapato zawo zomwa madzi.
Anapeza asanu ndi awiri. Analemba asanu ndi awiri.

Ndikudziwa kumene imathera.
Imakulunga tchipisi pa chiwaya,
imakuta makope a ana a sukulu,
imatseka zenera losweka mphepo ikamatsika kuphiri mu Juni.
Sindidandaula.
Ndinaona munthu akunyambita zala
uku akuwerenga mtengo wa feteleza pakati pa madontho a mafuta.

Otsatsa malonda atsala awiri:
wokhoma mabokosi a maliro
ndi mayi wophunzitsa kusoka, amene amalipira ndi mazira.
Mwana wawo wa ku Joni amaimba Lamlungu lililonse:
"Ababa, ikani pa Fesibuku, mupume."
Iwo amangofunsa kuti bandulo ikatha
nkhaniyo imakagona kuti.

Lolemba kunabwera Abiti Sumani.
Foni anawabera mu minibasi ya ku Jali,
zithunzi zonse za malemu amuna awo zinapita nayo.
Anaima pakhomo, osalowa,
nafunsa ngati ilipo ya mwezi wa dzinja, chaka chatha.
A Likoswe anakwera pampando,
natsitsa katoni yomwe mphemvu zinaiyesa kwawo.
Tsamba lachitatu, pansi penipeni:
Che Mdoka, telala wa pamsika.
Chithunzi chakuda ngati mwaye,
kumangooneka kofia ndi mano.
Mayiwo anachisisita ndi chala chachikulu,
nthawi yaitali ndithu,
ife tikunamizira kusakasaka sitepula.

Kenaka anati,
"Koma zaka munalakwitsa.
Anali ndi sikisite folo, osati sikisite wani."

Usiku uno a Likoswe achotsa nkhani ya mbuzi yosowa
kuti papezeke mizere itatu.
Akulemba ndi zala ziwiri, lilime lili panja:
Tikupepesa. Che Mdoka anakhala ndi moyo
zaka zitatu kuposa zimene tinawapatsa.

Inki yatsala pang'ono.
Pepala lakwera mtengo kawiri mwezi uno.
Za sabata yamawa sitinakambirane.
Makina atsokomola, alavula tsamba loyamba lili lofunda,
ndilipinda pakati,
ndilipatula pambali.
Limenelo ndikasiya ndekha ku Jali.