Mzere Wamadontho

Lachitatu usiku, nditaweruka kuchipatala,
ndinatsegula kompyuta ndisanavule n'komwe nsapato.
Nyumba tinakaiona ku Cleckheaton ija
ili ndi mng'alu pakhoma la kukhitchini,
wopyapyala ngati ulusi,
koma Lonjezo sakugona nawo tulo.

Ndinalemba adiresi.
Dziko linasendeka ngati mbatata yophika:
misewu inazilala, pansi pakepo panatuluka mitundu,
chikasu cha mwala wamchenga,
kutuwa kwa matope amene anauma kalekale n'kusanduka mwala,
timizere takuda pomwe panagona malasha.
Nyumba yathu
(ndayamba kale kunena kuti yathu)
inakhala pachikasu. Mtima unakhala pansi.

Kenaka ndinakulitsa chithunzi. Ndinakulitsanso.
Mapu anakana. Mitundu inathawa,
kunatsala timawu tam'munsi,
tija timadumpha tikamafulumira:
milimita imodzi pano
ndi mamita makumi asanu kunjako,
musamange khoma podalira chithunzichi.

Mamita makumi asanu!
Ndiye kuti nyumba, khonde, bini ya aneba ndi galu wawo yemwe
zonse zabisala m'kunenepa kwa mzere umodzi.
Mzerewonso ndi wamadontho.
Munthu wina anayenda muno ndi kanyundo, mvula ikumukwapula,
anaona mwala m'ngalande,
anaona unzake kuseri kwa tchalitchi,
pakati ponsepo anangoganizira,
ndipo anatichitira ulemu
potiuza kuti apa ndikungoganizira.

Lachisanu ndinapitakonso.
A Ackroyd a nyumba yachitatu, akukankha njinga yophwa tayala,
anandilozera kumpanda ndi chibwano:
agogo awo ankakumba malasha pamenepo nthawi ya sitalaka,
usiku, ndi ndowa, osauza boma.
Dzenjelo analitseka ndi zitseko zakale, n'kuthirapo phulusa.
Mwina panali apo. Kapena cha uko, pali mtengo wa apozi.
Iwo anali aang'ono, sakufuna kundinamiza.

Ndiye ndili ndi mboni ziwiri,
zonse zoona mtima,
palibe yofuna kulumbira.

Ndawaimbira anthu oboola nthaka, abwera sabata ya mawa.
Lonjezo akuti ndalama zimenezo bwenzi titagula firiji
ndi makatani omwe.
Sindinamuyankhe.
Ndaima pa kapinga wonyowa amene sanakhale wanga,
ndikugunda pansi ndi chidendene
ngati munthu wogogoda chivwende pamsika,
khutu lili tcheru,
basi ya ku Bradford ikundidutsa.