Usiku Wotentha Ndagala

Ng'oma yaikulu ija ndi mbuzi yanga.
Ndaizindikira ndi banga loyera m'mphepete,
pomwe mpeni wa Che Mdoka unalumpha ubweya.
Ndinaigulitsa pamsika wa Namwera
kuti ndilipire ngaliba,
ndigule nsalu, nsapato zokulirapo pang'ono,
ndi ufa wa masabata anayi.
Inali mbuzi yaphokoso ili moyo.
Usiku uno ikulira kuposa kale.

Akuiwamba pamoto wa zitsononkho.
Che Mdoka akuitembenuza ngati mwana wa malungo,
kuigogoda ndi chala, kutchera khutu,
kuibwezanso kumalawi.
"Sinapse," akutero,
"ikulankhulabe ndi chimfine."

Ife amayi malire athu ndi mtengo wa mango.
Tavina manganje chitulukire anthu kumzikiti,
fumbi lafika m'mano,
Abiti Wadi mpango wawagwa kawiri,
nthungululu zasasa.
Palibe akufunsa mnzake
chimene tonse tikufunsa.
Anapita khumi ndi asanu ndi awiri.
Tikuwerenga ndi mapazi.

Masabata anayi ndakhala ndikutula mbale pamphambano,
kuitana kamodzi,
kubwerera osacheuka.
Mbale inkabwera yotsukatsuka.
Koma mbale sinena amene wadya.

Foni ikunjenjemera pamfundo ya chitenje.
Bambo ake, ku Joni,
pageti lomwe amalondera:
"Kweza m'mwamba, nane ndimve."
Ndakweza dzanja ngati wolumbira pabwalo,
mbuzi yanga ikuwoloka mitsinje
yomwe ine sindinaionepo,
mpaka mayunitsi atha pakati pa nyimbo.
Dzanjalo sindinalitsitse msanga.

Tambala woyamba.

Kenaka kwafiira,
osati kum'mawa ayi,
kumunsi kwa phiri, kuseri kwa nsungwi.
Ndagala yayaka.
Udzu, mphasa, zisanza,
kabudula wa sukulu uja ndinamusoka chigamba kawiri,
zonse zikukwera mbaliwali
kukafunsa malo kwa nyenyezi.
Ng'oma zachita misala,
nthaka ikugunda m'mawondo,
ndipo wina wandigwira m'chiuno kundikokera m'bwalo.
Anamwali akuti saloledwa kucheuka.
Ine ndayang'ana m'malo mwake,
ndayang'ana mpaka misozi,
wofunsa ndimuuza kuti ndi utsi.

M'motomo muli dzina.
Ndinalisankha ndekha, usiku wa mvula,
mwana ali pachifuwa, nyali ikutha mafuta.
Ndalifuula pachitsime, pamsewu,
ndalinong'ona pamene ankatentha thupi,
ndalitukwanira pamene anaswa botolo la palafini.
Sindilitchula pano.
Likupsa pamodzi ndi udzu.

Kwayera.
Akubwera pamzere, mitu pansi,
nsalu zatsopano kuphimba mpaka m'maso,
anakanga patsogolo ndi ndodo yawo.
Amayi ena akuthamangira nsalu zomwe anagula.
Ine ndikuyang'ana mapazi.
Wachisanu ayi.
Wachisanu ndi chinayi ayi.
Uyo,
chala chachikulu chopanda chikhadabo,
chimene tcheni cha njinga chinadya chaka chatha.
Nsapato wazigwira m'manja.

Mawondo anga, omwe avina usiku wonse osadandaula,
andikana pomwepo.

Ndaponya ndalama m'mbale, avundukula nsalu.
"Awa ndi Che Lajabu," akutero anakanga,
ngati akundionetsa mlendo wochokera ku Makanjira.
Mlendoyo wagwada,
wawomba m'manja mwaulemu,
maso ali padothi:
"Mwadzuka bwanji, amayi?"
Akununkha utsi ndi masamba osadziwika.
Pakhosi pake paonda.
Ndikufuna kumupukuta phulusa kuseri kwa khutu
ndi malovu, ngati kale,
koma mudzi wonse ukuona.

"Ndadzuka bwino, kaya inu, Che Lajabu?"

Che Mdoka watsamiritsa ng'oma pamtengo.
Podutsa ndaisisita pabanga loyera lija.
Yazizira kale, yakhwefuka,
sikuyankha.

Tikupita kunyumba,
iye patsogolo, ine pambuyo ndi nsapato zake,
dzina lija lili pansi pa lilime
ngati nthanga ya bwemba:
kumeza sindingathe,
kulavula sindikufuna.