Onse Amaoloka ndi Bwato Langa

Kwatsala masabata atatu kuti tiponye voti
ndipo doko lathu layamba kununkhira perefyumu.
Ine Alufandika, wopalasa bwato kumunsi kwa Chiromo,
ndaolotsa kale onse anayi ofuna mpando wa dera lino.
Galimoto zawo zimathera pamchenga.
Kuyambira pamenepo, bwana ndi nkhafi yanga.

Woyamba anali a Zuze, amene akuteteza mpando.
Anavula nsapato, nazikumbatira ngati khanda,
nandifunsa dzina.
Zaka zisanu zapitazo anandifunsa dzina lomweli,
pamalo pomwepa, madzi ali m'mawondo.
Ndinawauzanso. Dzina silisungunuka ngati sopo.

Mayi Fulukiya Semba anadza ndi mabelo awiri a nsalu.
Mkazi wanga analandira imodzi, pano akuyanikapo mapira,
nkhope ya mayiwo ikuyang'ana dzuwa la kuchigwa
tsiku lonse, osaphethira.

Mnyamata wa kwa Mainato, woima payekha,
tinkatchera naye mono kudambo ali wosavala.
Wabwerako kutauni ndi Chisena chobowokabowoka
ngati ukonde wodyedwa ndi makoswe,
koma mvuu itafwenthera pafupi ndi ife
anaitana amake m'chinenero chopanda chigamba.

Wachinayi sanayankhule.
Anatsinzina, zala zitaluma m'mphepete mwa bwato,
ndipo madzulo ake, pansi pa mtondo, pachimkuzamawu,
ndiye ankakuwa kuti iye saopa kanthu.

Akuti malire a dera anawalembanso,
mzere watsopano papepala, kutali uko kozizira.
Koma Ruo ndi Shire sawerenga mapu.
Chaka cha chigumula mtsinje unasamuka usiku umodzi,
dimba langa linagona tsidya lino, n'kudzuka tsidya linalo.
Manda a bambo anga
sindidziwa kuti phungu wake ndani.

Chitupa chovotera ndimachisunga m'botolo lapulasitiki
lomangirira kudenga,
pamodzi ndi khadi la kusikelo la mdzukulu wanga,
chifukwa kuno chilichonse chofunika
chiyenera kudziwa kuyandama.

Tsikulo likayandikira mabokosi adzakwera muno,
wapolisi atakhala pakati, thukuta kamukamu,
mfuti pamiyendo, maso kwa ng'ona.
Popita amapepuka ngati zikho zouma.
Pobwera ndi mapepala okhaokha, ndikudziwa,
komabe mapewa anga amati katundu wachuluka.

Onse anayi akulonjeza mlatho.
Anyamata a kabaza amandiseka:
"Mudala, mlatho ukagona apa, mudzadya nkhafi?"
Sindiwayankha.
Iwo sanalipo usiku uja mwana wanga Nsai
anachirira muno, pakati pa mtsinje,
chipatala chikuwala tsidya ngati nyenyezi yamwano,
mayi ake akudula mchombo ndi bango
ine ndikupalasa, nkhope nditatembenuzira kumdima.
Mwanayo alipo. Tinamutcha Pamadzi.
Koma pali ena awiri, a eni, amene ndinawaolotsa
atakulungidwa kale m'chitenje,
ndipo ndalama ya ulendowo sindinalandire.

Choncho ndidzavotera wondilanda ntchito.
Vuto n'lakuti pakamwa onse ndi amisiri,
simenti ali nayo m'malovu.

Ndili ndi muyeso wanga.
Bwato ili limadontha chakumbuyo,
pomwe phula linamatuka mwezi wa mawa uja sunafike.
Pansi pa thabwa pamakhala chigubu chodula chokapira madzi.
Atatu anakweza mapazi,
wina mpaka anandiuza kuti ndigule bwato lina.
Mmodzi yekha, osauzidwa, popanda wojambula,
anawerama, natola chigubucho,
nayamba kukapa
mpaka tinagunda mchenga.

Musandifunse kuti ndani.
Voti ndi chinsinsi, anatero a pawailesi,
ndipo ine ndasungapo zinsinsi zolemera kuposa ichi
pakati pa gombe ili ndi linalo.
Kwerani, dzuwa likupendeka.
Khalani pakati. Musagwedezeke.