Milomo ya ku Valparaíso

Makutu anga anatseka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
malungo atandiphika sabata yathunthu.
Kuyambira pamenepo mawu ndimawatola ndi maso
pa milomo ya anthu,
monga nkhunda zitolera nyenyeswa pabwalo la kudoko.

Mzinda uno ndinkaudziwa ndi pakamwa pake.
Mayi Herminda ogulitsa buledi,
amene mlomo wam'munsi umawanjenjemera akamatchula mtengo.
Baltazar woyendetsa chikepe chokwera phiri,
wotafuna mawu ngati chingamu.
Asodzi a ku Portales, otukwana kwinaku akuseka.

Ndiye mliri unafika.
M'mawa wina mzinda wonse unadzuka utamanga nsalu kukamwa,
ndipo ine ndinagontha kachiwiri,
imvi zili mbuu.

Kogulitsa mankhwala mtsikana anandiyankhula kwa kanthawi.
Ndinkangoona masiki yake ikufufuma, ikuphwa,
ngati pakhosi pa chule.
Ndinagwedeza mutu. Chimene ndinavomera sindichidziwa.
Ndinatuluka ndi mapiritsi a mutu
pamene ndinapitira a mtima.

Amati maso nawonso amayankhula. Eya, amayesetsa.
Koma maso sanena kuti basi yasintha njira,
sanena mtengo wa anyezi,
sanena kuti Baltazar anatisiya Lachiwiri.
Zimenezo ndinaziwerenga papepala lomata pachitseko cha chikepe
patapita masabata atatu,
inki itasuluka kale ndi dzuwa.

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato.
Chaka chimenecho palibe nsapato inatha chidendene.
Misomali inachita dzimbiri m'chitini,
ine ndili pawindo, kuwerenga sitima zoima panyanja.

Mwana wanga Yasna anadula katani yapulasitiki ya kubafa
n'kusokerera kawindo pakati pa masiki.
Atavala anati, "Aba..."
basi, kawindoko kanachita nkhungu.
Tinaseka mpaka kugwira m'mimba.
Kenako anapaka sopo mkati mwake
ndipo mawu anayera: "Ababa, mwadya?"
Ndinali nditadya. Ndinamuuza kuti abwerezenso.

Tsiku la katemera ndinatsika masitepe onse a paphiri pathu,
maondo akudandaula.
Mu holo ya sukulu munali mizere yachikasu pansi,
aliyense pa mzere wake, ngati mbande zotalikirana.
Akuti dzina langa analiitana katatu:
Eleuterio, Eleuterio, Eleuterio.
Ine ndili phee, maso pa nsapato za munthu wa patsogolo panga,
zofunika ulusi kuchala.

Namwino wina anandigwira pachigongono.
Anayankhula. Ndinaloza khutu.
Anaima kaye, n'kuyang'ana uku ndi uku,
kenako anabwerera chafutambuyo
mpaka kuseri kwa chitseko chagalasi,
anachitseka,
n'kutsitsa masiki.

Pakamwa pa mlendo.
Poyamba m'miyezi khumi ndi umodzi.
Dzino lakutsogolo lobenthuka pang'ono,
milomo youma ya munthu amene sanamwe madzi chifikireni m'mawa,
ndi mawu awiri, otchulidwa mwachifatse:
"Mkono uti?"

"Wamanzere!"
Ndiyenera kuti ndinakuwa, pakuti holo yonse inacheuka.

Jakisoniyo sindinaimve n'komwe.
Anandikhazika pampando kwa mphindi khumi ndi zisanu
kuti aone ngati ndichite chizungulire.
Chizungulire ndinachitadi,
koma sindinawauze, poti sichinali cha mankhwala.

Pobwerera ndinakwera pang'onopang'ono,
mkono ukulemera, kakhadi kali m'thumba la malaya.
Mayi Herminda anandikweza dzanja ali kuseri kwa nsalu yawo yamaluwa.
Sindidziwa chimene ananena. Mwina mtengo wakweranso.

Pakhomo panga ndinapeza nsapato zakuda, zachimuna,
wina atazisiya popanda kalata.
Zidendene zonse ziwiri zodyekera kunja.
Ndinazitembenuza, ndinazinunkhiza ngati chitsiru,
n'kulowa kukafunafuna
kumene ndinasiya hamala.