Usiku wa Mpope Wachitatu

Kuno ku Friesland nthaka ili pansi pa nyanja,
ndipo ng'ombe zimagona pouma
chifukwa cha kabokosi kotuwa
kopachikidwa m'kabati, kuseri kwa mpope wachitatu.

Kalata ya kukampani inafika Lolemba:
pulogalamu yam'kati mwa kabokosiko yakalamba, ili ndi chiboo,
mbala ingalowere pa intaneti
n'kuzimitsa mipope ili khale kwawo.
Ikanimo yatsopano.
Ndinasankha Lachinayi usiku
poti azanyengo anati kukhala kouma.

Ndinadina batani.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa sikirini,
khumi, makumi atatu, makumi asanu,
ine n'kumathira khofi m'chivindikiro cha fulasiki.
Pa 63 magetsi anaphethira.
Kuphethira chabe, ngati munthu poyetsemula.
Pobwerera, kabokosi kali zii.

Yakale yafufutika theka.
Yatsopano yalowa theka.
Mutu wa makina wasanduka nyumba yosasulidwa denga
malata atsopano asanafike,
ndipo pa zenera, tho, tho, tho,
mvula ija anati sibwera.

Wiebe anaimba nthawi ili 1:40.
"Tjitske, madzi afika pa mzati wachiwiri wa mpanda.
Ndili ndi ng'ombe makumi asanu ndi atatu,
ziwiri zili ndi bere."
Ndinati ndikukonza.
Sindinanene kuti ndakapha ndine.

Bambo anga ankagwira ntchito pompano
mpope ukadamvera dzanja ndi girisi.
Ukadwala ankauyika khutu pamimba
n'kutchula nthenda yake.
Ine ndagwada pa simenti yozizira,
tochi kukamwa,
kufunafuna timano tinayi tamkuwa
pa bolodi losaposa chikhatho changa.

Pali kanthu kamodzi komwe kufufuta sikukafikira:
kapulogalamu koyambitsa,
kakang'ono, kosadziwa za madzi,
kosadziwa za ng'ombe.
Ntchito yake n'kutsegula chitseko, basi.
Ndinagundanitsa timano tiwiri ndi kawaya,
ndinasomeka chingwe chakalekale chija
chomwe anzanga amandiseka nacho,
ndinazimitsa, ndinawerenga mpaka khumi,
ndinayatsa.

Pa laputopu panakhuthuka zinyalala za zilembo.
Liwiro lalakwika. Ndinasintha.
Zinyalala zokhazokha. Ndinasinthanso.
Kenako, pakati pa mdima wa sikirini,
liwu limodzi loyera:
ndakonzeka.

Fayilo inalowa monga amadyera wodwala,
sipuni imodzi, kupuma, sipuni ina.
Mphindi makumi anayi.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma wonena zimenezo
madzi sanali kumukwerera m'khola.
Sindinakhudze khofi.
Sindinakhudze chingwe.
Ndinakhalira manja anga omwe
kuopa kuti angachite zawozawo,
n'kumapempha babu la kudenga
kuti lisaphethirenso.

Pomaliza makina anadziwerengera okha
nambala yotsimikizira,
ine n'kumailondola ndi chala papepala,
chilembo ndi chilembo, kawiri.
Zinafanana.
Kanyali kofiira kanazima, kobiriwira kanayaka.
Simenti inanjenjemera pansi pa mawondo anga,
mpope unatsokomola
n'kuyamba kumeza.

Ndinatuluka kukayang'ana ngalande.
Madzi sankaoneka kuti akutsika.
Amatsika choncho, mobisa,
mpaka udzu womira utatulutsa nsonga.

Wiebe sanaimbenso.
Kwa iye mpope unangochedwa kudzuka,
ndipo ndimusiya aganize choncho.

M'buku la ntchito ndinalemba nthawi,
nambala ya pulogalamu yatsopano,
kenako mzere womwe ndalemba kachitatu chaka chino:
tigulireni batire losungira magetsi.
Ndinaudula mzere kunsi mpaka pepala kubooka.

Kunja kukuyera.
Khofi wazizira, mawondo auma gwa.
Chingwe chakale chija ndachipinda bwinobwino
n'kuchibweza m'thumba lam'kati la jekete.
Mpope wachinayi ndi wachisanu
akadali ndi pulogalamu yakale,
ndipo azanyengo akuti
Lachinayi likudzali kudzakhala kouma.