Mikono Khumi ndi Isanu

Pa siteji ya Chilobwe minibasi inakana kudzaza,
a Chimbalanga, mkulu wa mpingo, n'kutsegula Genesis pabondo:
"Madzi anapitirira mapiri ndi mikono khumi ndi isanu.
Zinalembedwa. Ngakhale Mulanje anamira."

Mng'ono wawo Lekeleni, wa jogalafe ku Zingwangwa,
anapukusa mutu:
"Nanga madziwo anaphwera kuti, achimwene?
Mwala sunama.
Kumbani Ndirande, kumbani Michiru,
simupeza matope amodzi okuta dziko lonse.
Chiswe chinakwera chingalawa, osachibowola?"

"Nanga zigoba za m'nyanja pamwamba pa mapiri akunja?"
"Mapiri amakula pang'onopang'ono, ngati chikhadabo."
"Iwe sukulu inakulodza."

Kondakitala analeka kuwerenga makobidi.

Kumbuyo, mayi wofungatira dengu la tomato
analoza chipsera chofiira chotsika m'phiri la Soche:
"Za dziko lonse ine sindidziwa.
Langa linali zipinda ziwiri ndi ana atatu.
Linamira lonse,
njiwa osabwera."

Baibulo linatsekeka lokha.
Lekeleni anayang'ana nsapato zake.
Injini inatsokomola, tinanyamuka,
wolankhula ali mwana yekha,
kufunsa ngati mitambo ija ndi ya mvula.