Tiyi wa Bambo Hepworth

Chaka changa choyamba, ku Barnsley,
Doreen wa khomo loyandikana anati,
“Ubwere pa tiyi, faifi koloko.”
Ndinayamba ndadya kunyumba,
poti tiyi ndi madzi otentha ndi shuga basi.
Ndinakapeza mbatatesi, soseji, nsawawa zophwanya,
msuzi kusefukira m'mbale,
kapu osaoneka mpaka kumapeto.
Ndinadya mwaulemu, lamba ndikumasulira pansi pa tebulo.

Kumeneko dina ndi ya masana.
Nditangozolowera, ntchito inandikokera kummwera,
ku Worthing, kunyumba ya okalamba,
kumene masana amati lanchi,
dina inasamukira madzulo,
ndipo abwana, akafuna timve kuti anabadwira pa kapeti,
amati sapa.

Ife kwathu dzina limanena ntchito:
kadzutsa amakudzutsa, mgonero umakugoneka.
Nkhomaliro yokha sindinafunsepo gwero lake.

M'chipinda chakumapeto muli Bambo Hepworth.
Anakumba malasha zaka makumi atatu,
mwana wawo n'kuwatengera kuno kuti aziwaona pafupi.
Dzina la mwanayo linawathawa.
Masiku anayi akhala akubweza mbale.
Wakukhitchini akati dina yafika,
amasuzumira pawindo, kunja mdima,
“Dina ndadya kale. Mukundiyesa chitsiru?”
Anesi analemba: sakufuna kudya, dokotala Lolemba.

Lachisanu shifiti inali yanga.
Ndinatula mbale, n'kubwereka pakamwa pa Doreen:
“Tiyi wanu uyu, bambo. Akuzizira.”

Anakoka mpando.
Anatembenuza manja, kuyang'ana
timizere tobiriwira ta malasha pansi pa khungu.
“Ndiyambe ndasamba.
Maureen safuna zala zakuda patebulo.”
Maureen anagona kalekale, ku Barnsley komweko.

Ndinabwera ndi beseni ndi thaulo,
ndinagwada, n'kuwathirira madzi
monga ndinkathirira bambo anga ku Ntcheu.
Anadya zonse, buledi akupukutira msuzi,
nandifunsa ngati anyamata a shifiti ya usiku atsika kale.
Ndinati atsika.

M'buku la malipoti muli timabokosi titatu.
Ka tiyi palibe.
Ndinachonga pa dina.

Basi yomaliza inanditula teni itadutsa.
Ndinakazinga mazira awiri,
n'kudyera m'poto momwemo, chilili, jekete osavula,
mvula ikugogoda pawindo.
Chimenechi sindinachipezere dzina,
m'chinenero chawo ngakhale chathu.